M'mawa imanyamula, ikatentha pulawo n'kukana kudzuka

Mwezi wa Okutobala kuno ku Salima dzuwa silinyengerera munthu. Ikamakwana 10 koloko mchenga wa pa Kamuzu Road sungaupondenso wopanda nsapato. Ndiyonso nthawi imene mathirakitala a ganyu amakhala pa liwiro, kuchokera ku Chinguluwe, ku Khombedza mpaka kukafika ku Benga, poti aliyense akufuna munda wake utembenuzidwe mvula yodzalira isanagwe. Dandaulo la madalaivala nyengo imeneyi ndi limodzi: m'mawa hydraulic, zida zonyamulira ndi mphamvu ya oyilo wopopedwa ndi pampu, imanyamula pulawo ya ma disiki atatu mosavuta, koma ikangogwira ntchito ola limodzi kapena awiri, ukafika kumutu kwa munda n'kukoka liva, mikono ya kumbuyo imadzuka ngati nkhalamba yodwala msana. Mwina imakana kumene mpaka upondetse moto wonse. Ukaiimika pansi pa mtengo wa mango kwa ola limodzi, imachira, kenaka pakatha mphindi 20 matenda aja n'kubwerera.

Eni mathirakitala ambiri akangomva zimenezi amagamula kuti pampu yatha, n'kutuma munthu ku Lilongwe kukagula ina. Nthawi zina amalasa. Koma kawirikawiri ndalama zimapita, pampu yatsopano n'kumangidwa, vuto lili pomwepo. Kumeneko ndi kugula mbereko mwana asanabadwe, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa pa zinthu zonse zomwe zimabweretsa chizindikiro chimenechi, pampu ndiyo yodula kwambiri. O-ring (kamphete ka mphira kotseka kuti oyilo asathawe) imodzi yong'ambika, yotsika mtengo kuposa lita ya dizilo, imafooketsa thirakitala chimodzimodzi.

Oyilo akazizira amakhala wokhuthala, akatentha amasungunuka. Oyilo wa hydraulic wolembedwa 46 pa chigubu amatchedwa choncho chifukwa kukhuthala kwake ndi 46 cSt (muyeso wa kukhuthala kwa oyilo) pa madigiri 40. Akafika madigiri 60 amatsika kufika cha m'ma 20, ndipo pa madigiri 80 amakhala cha m'ma 10. Ndiye kuti oyilo yemweyo akafika madigiri 80 masana amakhala wopyapyala kanayi poyerekeza ndi pa madigiri 40. M'kati mwa pampu, m'mavalavu ndi m'silinda muli timipata tating'ono pakati pa zitsulo. Zitsulo zikadyeka timipatati timakula. Oyilo wozizira amatitseka ndi kukhuthala kwake, koma wotentha amangodutsamo n'kubwerera m'giyabokosi osagwira ntchito. Pansi simuona dontho ngakhale limodzi, chifukwa kudonthako kukuchitikira m'kati. Kutentha kumaulula pomwe padyeka kale.

Choipa chake n'chakuti oyilo akamathawira pa kampata ali pa pulesha yaikulu, mphamvu yonse yomwe ikananyamula pulawo imasanduka moto. Chiwerengero chake n'chosavuta: malita pa mphindi, kuchulukitsa ndi ma bar (muyeso wa pulesha), kugawa ndi 600, mupeza ma kilowati. Pampu yopopa malita 30 pa mphindi, onse n'kumathawira pa relief valve (valavu yotaya oyilo pulesha ikapyola muyeso) pa 170 bar, ikutenthetsa oyilo ndi ma kilowati 8.5. Zili ngati mwamiza maketulo anayi a magetsi m'giyabokosi. Oyilo amatentha, akatentha amathawa kwambiri, akathawa kwambiri amatenthanso kuposa pamenepo.

N'chifukwa chake funso loyamba sikuti pampu ili bwanji, koma oyilo watentha kufika pati. Pakati pa madigiri 50 ndi 70 ndi kutentha kwa ntchito. Thirakitala ikafooka oyilo ali pamenepo, penapake padyeka kapena pang'ambika. Koma akapyola 80, pali chomwe chikumuwotcha, ndipo muyenera kuchipeza musanamasule bawuti iliyonse, chifukwa pa madigiri amenewo ngakhale ma seal atsopano amauma n'kuyamba kusweka. Kachipangizo koyezera kutentha kongoloza patali, konga komwe tinkalozedwa nako pamphumi nthawi ya Covid koma ka mafakitale, kamathandiza kwambiri. Ka kuchipatala sikafika madigiri amenewa. Ngati mulibe, ikani dzanja pambali pa giyabokosi. Chitsulo cha madigiri 60 simungachigwire kupyola masekondi ochepa. Ngati simungachikhudze n'komwe, chapyola pamenepo.

Yambani ndi oyilo weniweniyo. Imikani thirakitala pamalo osatsetsereka, tsitsani mikono pansi, dikirani mphindi zingapo, sololani dipstick, kamtengo kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo. Oyilo wochepa amatentha msanga poti yemweyo amangozungulirazungulira osapeza mpata wozizira, komanso thirakitala ikapendekeka pa chulu kapena m'ngalande pampu imayamwa mpweya. Amene amakoka ngolo zodzikhuthula zokha, za mchenga kapena za nzimbe monga kumbali ya Dwangwa, achenjere kwambiri apa. Silinda ya ngolo imamwa malita angapo kuchokera m'giyabokosi, ndipo ngolo ikamasulidwa isanatsike bwino oyilo uja amapita nayo. Choipanso, ngolo yobwerekana imakubweretserani oyilo wakuda wa thirakitala ya mnzanu.

Muoneni mtundu. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, muli madzi. Mathirakitala ogwira ntchito m'madimba a mpunga ku Lifuwu kapena ku Bua, kapena owoloka mitsinje nthawi ya dzinja, amadwala kwambiri matenda amenewa. Koma madzi ambiri amalowera pamwamba, pa timphira tophimba tsinde la ma giya tikang'ambika, thirakitala n'kugona panja mvula yonse ya Januwale. Mukakayika, dontheza pang'ono pa lata loika pa mbaula. Oyilo wabwino amangoyenderera n'kuyamba kufuka, wa madzi amathetheka ngati nsomba yaiwisi m'chiwaya. Akakhala ndi thovu ngati la mowa wa masese, mukulowa mpweya. Akanunkha zopserera n'kuda ngati phula, wapsa kale ndipo ntchito yake yatha.

Mtundu wa oyilo nawo ndi nkhani. Pa Massey Ferguson, yomwe ndiyo yadzaza kuno, monga 135, 165, 265, 290, 375 ndi 385, giyabokosi, difu ndi hydraulic zimamwera chitsime chimodzi. Mathirakitala okhala ndi mabuleki omira m'oyilo amafuna oyilo wolembedwa UTTO kapena STOU, ndipo pa chigubu pazikhala nambala yomwe buku la thirakitala yanu likunena, monga M1135 kapena M1143 kwa Massey, M2C134D kwa Ford, J20C kwa John Deere. Oyilo wopungula m'diramu wopanda dzina, kapena wa injini wogwiritsa kale ntchito, musamuyandikize. Palinso chizolowezi china chothira oyilo wa giya wa 140 kuti hydraulic ilimbe. Imalimbadi kwa masabata angapo chifukwa wokhuthalayo watseka mipata, koma m'mawa wa Juni pampu imavutika kumuyamwa, imayenda youma, mabuleki amayamba kulira, ndipo pomwe padadyeka pang'ono pamatheratu.

Ngati oyilo ali bwino koma akupsa mopyola, fufuzani chowotcha. Chofala kwambiri ndi relief valve yomwe ikungolira tsiku lonse dalaivala osamva chifukwa cha phokoso la injini. Zimachitika liva ikasiyidwa pa constant pumping (pomwe pampu imapopa osalekeza), kapena liva ya mapaipi a ngolo ikakakamira mbali imodzi osabwerera pakati, kapenanso position control (yoimitsa mikono pa msinkhu womwe mwasankha) ikasinthidwa molakwika moti mikono ikafika pamwamba pampu siidziwa kuti yafika, imangokankhabe. Kwezani mikono mpaka pamwamba, mvetserani. Injini ikamalemedwa ndipo kumbuyo kukumveka kamluzu, ndi yomweyo. Yesani kutukula mikonoyo ndi manja ili pamwamba: payenera kutsala kampata koseweza pang'ono. Ikakhala gwa ngati yowotcherera, yagunda kumapeto.

Zina ndi zooneka ndi maso. Mathirakitala okhala ndi karediyeta ka oyilo kutsogolo amatsekeka ndi mungu wa mpunga, thonje ndi zinyalala za nzimbe. Uzirani mpweya kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Matope a makande akauma pa giyabokosi amakhala ngati bulangete, apaleni. Dalaivala wogoneka phazi pa buleki, kapena mabuleki omangitsa, nawo amawotcha oyilo yemweyo.

Kenaka sefa. Pampu za Massey zambiri zili ndi kasefa ka waya pokokera oyilo, ndipo pali mathirakitala amene kasefaka sikanaonepo dzuwa chibwerereni m'dziko muno. Kakatsekeka ndi utuchi wa zitsulo ndi nyenyeswa za mabuleki, pampu imafa ndi njala: mikono imakwera monjenjemera, ndipo mumamva kulira ngati mwathira timiyala m'chigayo. Katsukeni m'dizilo woyera, kaumitseni, onani ngati sikanabooke. Pa mathirakitala a pampu ya ma giya yokhala kunja, monga New Holland zambiri, yang'anani paipi yokokera oyilo. Mphira wake ukatentha umafewa, mwina umaphwafuka m'kati, mwina pa kilipi pamayamba kulowa mpweya popanda kudontha oyilo. Pakani girizi wambiri polumikizira paliponse pamene injini ikulira. Phokoso likasintha, mwapeza polowera mpweya.

Zonsezi zikakhala bwino, tsopano yezani, ndipo yezani kawiri, yozizira ndi yotentha. Makaniko amene wabwera 6 koloko m'mawa, n'kuliza injini, n'kunena kuti bwana palibe vuto apa, sananame, koma sanaone matendawo. Mangani pulawo yomwe mumalimira, ikani injini pa 1500 rpm, werengani pa foni masekondi omwe ikutenga kuchoka pansi kufika pamwamba. Lembani. Kalimeni ola lathunthu, bwerezani pa liwiro lomwelo la injini. Tinene kuti m'mawa inatenga masekondi 3, masana 9. Tsopano muli ndi nambala, osati nkhambakamwa.

Oyilo akadali wotentha choncho, kwezani pulawo, zimitsani injini, yezani ndi tepi kuchokera pansi kufika pa disiki ya kumbuyo. Yezaninso pakatha mphindi 5 ndi 10. Musalole aliyense, makamaka ana omwe amaunjikana pa thirakitala, kuyandikira pansi pa pulawo yolendewera. Muyeso umenewu umagawa nkhani pawiri. Ngati pulawo imachedwa kukwera koma injini ikazima imakhala m'mwamba osatsika, silinda ndi mavalavu zikugwira, ndiye vuto lili ku pampu kapena kokokera oyilo. Ngati ikutsika mooneka ndi maso, n'kukagunda pansi mphindi zisanathe, oyilo akuthawa pakati pa pampu ndi pisitoni. Chizindikiro china cha kuthawaku ndi ntchirinjiri: injini ikulira, pulawo ili m'mwamba, imatsika pang'ono n'kudzidzimuka kukwera, kutsika n'kudzidzimukanso. Ikamachita kamodzi pa mphindi zingapo si nkhani, koma ikamachita masekondi awiri kapena atatu alionse, m'kati mwang'ambika.

Ubwino wa Massey ndi wakuti imakulolani kusuzumira m'mimba mwake ikugwira ntchito. Kumanja, cha pansi pa mpando, pali chivindikiro chozungulira chomwe pamakhala dipstick. Pungulani oyilo mpaka atsike pansi pa bowolo, tsukani pozungulira ponse kuti fumbi lisagwere m'kati, chotsani chivindikirocho. Lizani injini, kwezani pulawo, unikani ndi tochi. Dzanja lisalowemo ngakhale pang'ono injini ikulira, shafiti ya PTO, yomwe imatulukira kumbuyo kukazunguza makina ena, ikuzungulira momwemo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye khalani pansi muyang'anitsitse komwe oyilo akuchokera.

Akamatsika kuchokera pamwamba, kukamwa kwa silinda, ngati mvula yodontha padenga, maring'i a pisitoni atha kapena silinda yakandika. Timadontho tapatalipatali ndi tachibadwa pa pisitoni ya maring'i achitsulo, koma mtsinje ayi. Akamatsetsereka kapena kupopera potsata standpipe, kapaipi koima komwe kamatenga oyilo kuchokera pa pampu kupita ku chivindikiro cha pamwamba, ndiye O-ring ya pamwamba kapena ya pansi yatha, mwinanso kapaipiko kang'aluka. Kameneka kamasololedwa kuchokera pamwamba mutamasula kachivindikiro ka mabawuti awiri, ntchito yosafika ola limodzi. Poikapo O-ring yatsopano musaiwale kawasha kake kochirikiza, ndipo ipakeni oyilo kuti isadulike polowa. Ngati pamwamba pali pouma koma oyilo wa pansi akuwira ngati kasupe pafupi ndi pampu, ndiye relief valve, control valve (valavu yolamulira kukwera ndi kutsika kwa mikono) kapena pampu yeniyeniyo. Kachitsotso kamodzi kokhala pa mpando wa relief valve n'kokwanira kufooketsa thirakitala yonse.

Apa m'pamene geji imalowa. Pezani geji ya pulesha yofika 250 kapena 400 bar, yodzazidwa madzimadzi a glycerine m'kati kuti muvi usamanjenjemere, ndi paipi yopirira pulesha imeneyo. Imangeni pa paipi ya ngolo kapena pa pulagi ya pa chivindikiro cha pamwamba. Mathirakitala ambiri a msinkhu umenewu amatsegula relief valve pakati pa 160 ndi 210 bar, koma nambala yeniyeni itengeni m'buku la thirakitala yanuyo. Geji ikakhala ya psi, bar imodzi ndi 14.5 psi. Musaisunge pa pulesha yonse kupyola masekondi 10 nthawi imodzi.

Kawerengedwe kake nkotere. Tiyerekeze kuti buku likuti 175. Mukapeza 120 yozizira ndi 120 yotentha, muvi uli chilili, sipuling'i ya relief valve yafooka kapena wina anaiseweretsa. Pampu ilibe mlandu. Mukapeza 175 yozizira koma 110 yotentha, ndipo mukaponda moto muvi umakwera, mukachotsa phazi umagwa, ndiye oyilo akuthawira m'kati, ndipo ngati silinda ndi standpipe mwaziona kale kuti n'zouma, pampu ndiyo yatsala. Muvi ukamavina kwambiri pa Massey, valavu imodzi mwa za m'pampu siikutseka. Pampu imeneyi ndi ya mapisitoni anayi, ndiye imodzi ikagona mumamva kugunda kwake m'mikono.

Koma geji ili ndi malire. Imakuuzani za mphamvu yokankha, osati kuchuluka kwa oyilo woyenda. Pampu yodyeka itha kufikabe 170 bar paipi itatsekedwa, koma n'kumapopa theka la malita ake ikasenza katundu. N'chifukwa chake masekondi aja munalemba ndi ofunika. Amene ali ndi flow meter, chipangizo choyezera kuchuluka kwa oyilo woyenda, amayeza malita popanda katundu, kenaka n'kumanga pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi pulesha ya ntchito, oyilo ali wotentha. Malita akagwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuposa, pampu yatopa.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, achimwene: musamange relief valve mopyola muyeso kuti mubise kufooka. Valavu imeneyi ndiyo mlonda wa zonse. Mukaimanga, m'mawa oyilo ali wokhuthala pulesha imakwera mopyola, ndipo chomwe chimasweka ndi silinda kapena chivindikiro cha pamwamba, zomwe kuzipeza kwake n'kovuta kuposa pampu. Ndipo pofufuza podontha pa paipi ya kunja musayendetse chala. Gwiritsani katoni. Oyilo wotuluka pa kabowo konga ka singano amaboola khungu n'kulowa m'mnofu. Bala lake limaoneka ngati waluma nyerere, koma likachedwa limadulitsa chala kapena dzanja. Zikachitika thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukanene kuti mwalowa oyilo.

Pali msampha wina womwe umagwira ngakhale amisiri akale. Pa Massey ya kilatchi ya masitepe awiri, pampu imazunguzidwa ndi mbale ya kilatchi ya PTO. Mukaponda kilatchi mpaka pansi hydraulic imaima, aliyense woyendetsa amadziwa zimenezo. Ndiye mbale imeneyo ikatha, kapena ikanyowa ndi oyilo wodontha ku injini, imaterereka ikatentha, pampu n'kumazungulira mofooka pamene ili yabwinobwino. Ngati thirakitala yomweyo imafookanso pa PTO ikamayendetsa chopunthira chimanga kapena chotchetchera udzu, yambani mwaona kilatchi, komanso ngati pedulo ili ndi kampata kake koseweza.

Zikatsimikizika kuti ndi pampu, oyilo wotsanulidwa amachitira umboni. Muviikeni maginito: utuchi wakuda womata ndi chitsulo, tonyezimira toyera tosamata ndi aluminiyamu wa thupi la pampu ya ma giya, tachikasu ndi mkuwa wa mabushi. Pampu ya ma giya thupi lake likakumbika moti chikhadabo chikukodwa, ma seal atsopano sangaichiritse, imafuna ina. Ya mapisitoni ya Massey imakonzeka: pali zida zake za mavalavu, maring'i, mapisitoni ndi control valve. Kuti ituluke muyenera kuchotsa chivindikiro chonse cha pamwamba, chomwe n'cholemera moti chimafuna anthu awiri kapena cheni, kusolola shafiti ya PTO, ndi kuchotsa timapini tiwiri ta m'mbali tomwe timaigwira. Poti chivindikiro chatsika kale, sinthirani limodzi maring'i a pisitoni ndi ma O-ring onse, n'kupanda nzeru kutsegula kawiri.

Ntchito imeneyi isachitikire pa mchenga mwera ukuwomba. Yalani lona kapena lata loyera, zida zotsuka muziphimba, ndipo popukuta musagwiritse nsanza zothothoka ulusi. Tsanulani oyilo yense pa mapulagi onse a pansi, chifukwa sipakhala imodzi yokha, kokolani matope okhala pansi pa giyabokosi ndi dzanja ndi dizilo, tsukani sefa, tsanulaninso oyilo wotsalira m'silinda ya ngolo. Pampu yatsopano yomizidwa m'utuchi wa yakale siimaliza nyengo. MF 135 imamwa malita pafupifupi 30, zikuluzikulu zimaposa pamenepo, ndiye mtengo wa oyilo muuwerengere limodzi ndi wa pampu musanayambe. Mukamanga, sinthani position control ndi draft control (yosintha kuya kwa pulawo malinga ndi kulimba kwa nthaka) motsata buku, lizani injini pang'onopang'ono mphindi zingapo popanda katundu, kwezani ndi kutsitsa mikono kakhumi kuti mpweya utuluke, onjezerani oyilo. Makaniko asanyamuke. Mangani pulawo yomwe ija, kalimeni ola lathunthu dzuwa lili paliwombo, ndipo pa 1500 rpm werenganinso masekondi aja ndi kuyezanso ndi tepi injini itazima.